Fasipoti

Bwana Simfukwe ananditcha dzinalo Lachiwiri,
pagalaja pathu, kuseri kwa Intasite,
nditakana kutulutsa basi ya ku Chipata
chifukwa cha nati imodzi yolira mwachilendo.
"Iwe Yotamu ndiwe fasipoti," anatero,
"uli ngati kankhalamba kachikazi."
Anyamata onyamula katundu anafa nalo phwete.
Ine ndinamva ngati pasipoti,
ndinadzifunsa: akunditumiza dziko liti?

Usiku ku Mtendere, magetsi atapita,
Mwatitha anatsegula dikishonale yake ya kusukulu,
foni atailuma kuti iwunikire.
Anati: "Adadi, ndi mphika.
Mphika wodzaza timadandaulo."
Tinatsata chala chake, mawu kubereka mawu,
ndipo onse otuluka m'bukumo
anatuluka atavala diresi.
Uyu ndi mbeta yokalamba, yoyeza makatani ndi maso,
uyu ndi thadzi losaleka kuwerenga anapiye,
uyu ndi woimba wamkazi wokana kumwera kapu ya wina,
uyu ndi azakhali a winawake, amanjenje,
uyu ndi agogo.
Mwamuna tinampeza mmodzi,
nayenso imvi mbuu, ndodo m'manja,
ngati kuti mwamuna amayamba kuona fumbi
mano akatha.

Ndinati: "Nanga bambo wa msinkhu wanga,
wofuna chinthu chikhale pamalo pake?"
Anatembenuza masamba, natembenuzanso.
"Ameneyo akuti ndi katswiri.
Akuti ali ndi diso."

Zelipa sanaseke.
Anali pampando, mapazi m'beseni.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pawodi ya ana
akubweza madokotala achinyamata pakhomo:
bwererani, mukasambe m'manja.
Anati: "Iwe tsiku limodzi lokha wayamba kale kubuula?
Ine dzinalo ndimalivala ngati yunifolomu.
Akamva nsapato zanga amanong'ona, bisani makapu.
Koma Dokotala Hamoonga akanena zomwezo
amatulutsa makope, nalemba."

Ndinakhala duu.
Ndinakumbukira kuti inenso, m'chilankhulo changa chomwechi,
ndinamuuzapo kuti amalongolola
tsiku lomwe anandibweza ndi nsapato za girisi.
Mng'ono wanga ndinamuuzapo, usamachite ngati mkazi,
akuwerenga chenji kawiri pamsika wa Soweto.
Ndiye mlanduwu si wa Azungu okha.
Iwo angoulemba, nauveka chikuto cholimba,
nautigulitsa m'sitolo ya mabuku m'tauni
pamtengo wa matumba awiri a makala.

M'mawa ndinalawirira, tambala wa aneba asanatsokomole.
Basi ija inali pomwe ndinaisiya.
Ndinagwada ndi sipanala yanga.
Nati inali itadyeka mkati.
Sindikunena kuti ikanapha munthu pa Manenekela;
mwina ikanafika, zambiri zimafika.
Ndinaisintha, basi.

Bwana anafika cha m'ma eyiti, nayang'ana wotchi,
napukuta kadontho pansapato ndi kampango,
kawiri, katatu, mpaka iwale,
nawongola kolala pagalasi la dalaivala,
nabweza tiyi chifukwa shuga anali wochuluka theka la supuni.
Palibe anamutcha mphika.

Masiku ano anyamata akandiona amakuwa: "Agogo aakazi!"
Ndimayankha: "Ee, adzukulu, bweretsani jeke."
Dzina ndalipinda bwinobwino,
lili m'thumba la ovolosi pamodzi ndi nati ija.
Mwatitha akuti adzalemba dikishonale yakeyake,
ndamuuza ayambe wakhoza masamu.

Madzulo Zelipa akaloza kumapazi kwanga
ndimavula ndisanaponde simenti yake.
Koma ndisaname, pakamwa pamayabwabe.
Mawu akale aja ali pomwepo, pansi pa lilime,
ndipo masiku ena
tiyi mmodzi sakwana kuwameza.